Laputopu Yanu Idziwa Kudzipima Yokha

M'nkhani yathu ya lero tikambirana za kompyuta yonyamula m'manja, imene ambiri a ife tiicha laputopu. Makina amenewa tsopano apezeka m'maofesi, m'masukulu ndi m'nyumba zambiri za dziko lathu. Mphunzitsi amasungamo zotsatira za mayeso a ana, wamalonda amalembamo ngongole ndi phindu, ndipo wophunzira wa pa koleji amalembamo nchito imene waikhalira miyezi yambiri. Kaamba ka ici, laputopu ikadwala, mwini wake nayenso amasowa tulo.

Taganizani kuti tsiku lina m'mawa mwayatsa laputopu yanu, ndipo yaima osapitirira, kapena yadzizimitsa yokha muli pakati pa nchito. Muthamangira kwa wokonza makina. Iye aiyang'ana pang'ono ndi kukuuzani kuti bolodi lalikulu lapsa, ndipo achula mtengo. Mwina wanena zoona, mwinanso walakwitsa. Kodi inu mudzadziwa bwanji? Ambiri amangolipira, ena amataya makina amene akanatha kukonzedwa ndi ndalama zocepa. Koma opanga makompyuta anaikamo kale njira yakuti makinawo adzipime okha ndi kukuuzani ciwalo cimene cadwala. Kupima kumeneku sikulira ndalama, sikufuna kumasula makina, ndipo munthu aliyense wodziwa kuwerenga angakucite.

Thupi la makina ndi malangizo ake

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri. Kompyuta iri ndi thupi, ndiko kuti ziwalo zimene mungazigwire ndi dzanja: sikirini, mabatani, batire, fani yoziziritsa, diski yosungamo mafaelo, cikumbumtima ca kanthawi cimene cichedwa RAM, ndi bolodi lalikulu limene zonsezi zalumikizidwapo. Irinso ndi malangizo, ndiwo mapulogalamu, monga Windows ndi ena onse amene mumagwiritsa nchito polemba, powerengera ndi polowa pa intaneti.

Cobvuta ndi cakuti matenda a thupi ndi matenda a mapulogalamu amaoneka cimodzimodzi. Laputopu yocedwa ingakhale ndi vairasi, koma ingakhalenso ndi diski imene iri pafupi kufa. Laputopu yodzizimitsa ingakhale ndi pulogalamu yolakwika, kapenanso fani yake yatsekeka ndi fumbi. Munthu wongoyang'ana kunja sangathe kulekanitsa. Monga mudziwa, kutentha thupi kungakhale malungo, kungakhalenso matenda ena, ndipo ndiye cifukwa cake ku cipatala amayamba apima magazi asanapereke mankhwala.

Mayeso amene tikambapo amacitika Windows isanadzuke. M'makina ambiri anasungidwa pa kacipangizo kakang'ono ka pa bolodi lalikulu, pamodzi ndi malangizo oyambirira ochedwa BIOS, kapena UEFI m'makina a masiku ano. Popeza mapulogalamu anu onse amakhala akali gone pa nthawiyo, sangasokoneze yankho. Ciwalo cikalephera pamenepo, mudziwa kuti bvuto liri m'thupi. Zonse zikapambana, maso anu atembenukire ku mapulogalamu. Apa ndi pamene pagona phindu lonse la nkhani yathu.

Kupima kwa tsiku ndi tsiku

Mwina simudziwa kuti laputopu yanu imadzipima pang'ono nthawi iriyonse pamene muiyatsa. M'kamphindi kamene dzina la opanga lioneka pa sikirini, makina amayang'ana ngati purosesa, RAM ndi ziwalo zina zofunika ziripo ndipo ziyankha. Amisiri amakucha POST. Mwambo umenewu ndi wakale: kompyuta ya IBM PC imene inatuluka mu 1981 inali kulira kamodzi, mwacidule, zonse zikakhala bwino, ndipo inali kulira mosiyana ikapeza colakwika.

Malaputopu ambiri a masiku ano amalankhula ndi tunyale m'malo mwa kulira. Pa makina a HP, kanyale ka pa batani la Caps Lock kamaphethira. Pa makina ambiri a Dell, kanyale ka batire kamaphethira mwa mitundu iwiri, wofiirira ndi woyera. Mwacitsanzo, pa makina ambiri a mtundu wa Latitude, kuphethira kawiri kofiirira kotsatiridwa ndi katatu koyera kutanthauza kuti makina sanapeze RAM. Tsono laputopu yanu ikakana kuonetsa ciriconse pa sikirini, musafulumire kunena kuti yafa. Khalani cete, cherani khutu, yang'anani tunyale, werengani kuti taphethira kangati, ndipo lembani. Tanthauzo lake lipezeka m'buku la makinawo, pakuti mtundu uliwonse uli ndi kawerengedwe kake.

Koma kupima kwa tsiku ndi tsiku ndi kwa pamwamba cabe. Pali kupima kwina kozama, kumene sikuyamba kokha. Mufunika kukuitana inuyo.

Kukonzekera

Musanayambe, citani zinthu zinai izi.

Coyamba, ngati laputopu ikali kulola kuti mulowe, koperani mafaelo anu ofunika pa fulashi kapena pa diski ina. Kupima sikufafaniza mafaelo, koma kumagwiritsa diski nchito yolemetsa, ndipo diski imene yadwala kale ingathe kufera pomwepo.

Caciwiri, lumikizani chaja, ndipo sankhani nthawi imene magetsi sayembekezeka kuzima. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kusowa kwa maola ambiri pa tsiku. Mayeso aatali akadukira pakati, mudzayambanso poyambirira.

Cacitatu, cotsani zonse zolumikizidwa kunja: fulashi, purinta, mausi ndi zina zotere. Siyani chaja yokha.

Cacinai, ikani makina pa tebulo, osati pa bedi kapena pa miyendo, kuti mphepo ipite bwino pansi pake. Khalani ndi pepala ndi colembera pafupi, kapena foni yojambulira zimene zidzaoneka pa sikirini.

Khomo la mtundu uliwonse

Opanga makina aliyense anaika khomo lake. Zimitsani laputopu kotheratu, osati kungotseka civundikiro, ndipo tsatani njira ya mtundu umene muli nao.

Ngati ndi Dell, yatsani, ndipo dzina la Dell likangooneka dinani batani la F12 mobwerezabwereza. Padzabwera mndandanda, sankhani liu lakuti Diagnostics. Pa makina ambiri a Dell mungathenso kukanikiza batani la Fn osalisiya, ndi kuyatsa. Poyamba mudzaona mizere ya mitundu yosiyanasiyana, ndipo makina adzakufunsani ngati mwaiona. Yankhani, ndipo kupima kudzapitirira.

Ngati ndi HP, yatsani ndi kudina batani la Esc mobwerezabwereza kufikira mndandanda utaoneka, kenaka dinani F2. Mudzapeza mayeso a makina onse pamodzi, ofulumira ndi aatali, ndiponso mayeso a ciwalo cimodzicimodzi. Dziwani kuti pa HP mbali yaikulu ya mayesowa imasungidwa pa malo obisika a diski. Ngati diski inasinthidwa, mwina mudzapeza mayeso a RAM ndi a diski okha, koma otsalawo angatengedwe kwa opanga ndi kuikidwa pa fulashi.

Ngati ndi Lenovo, makamaka ya mtundu wa ThinkPad, pa makina ambiri khomo ndi batani la F10 pamene dzina la opanga lioneka.

Ngati ndi MacBook ya Apple, njira ziri ziwiri. Pa makina okhala ndi purosesa ya Intel, yatsani ndi kukanikiza batani la D osalisiya. Pa makina okhala ndi purosesa ya Apple mwini, amene anayamba kutuluka mu 2020, kanikizani batani loyatsira kufikira zosankha zitaoneka, kenaka kanikizani Command ndi D pamodzi.

Mukacedwa kudina ndipo Windows yayamba, palibe cimene caonongeka. Zimitsani ndi kuyesanso. Ambiri amalephera ulendo woyamba, cifukwa kamphindi kake ndi kakafupi.

Zimene zicitika m'kati

Ndi bwino kudziwa cimene makina akucita pamene inu mwakhala muyembekeza.

Popima RAM, makina amalemba manambala odziwika m'tizipinda tonse ta cikumbumtima, ndi kuwawerenganso. Zimene zabwerera zikasiyana ndi zimene zinalembedwa, ndiye kuti kacipindako kaonongeka. Tizipinda timeneti tiripo mabiliyoni, ndipo amatiyesa ndi manambala osiyanasiyana kangapo. Ndiye cifukwa cake mayeso a RAM amatenga nthawi.

Popima diski, makina amafunsa diskiyo za mbiri yake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ma diski ali ndi njira yochedwa S.M.A.R.T., imene imasunga kaundula wa maola amene diski yagwira nchito, kutentha kwake, ndi malo oonongeka amene yawapatula. Pambuyo pake diski imadziyesa yokha. Kuyesa kwacidule kumatenga mphindi ziwiri kapena kuposapo pang'ono, ndipo kumangoyendera malo ena. Kuyesa kwakutali kumawerenga diski yonse, ndipo pa diski yaikulu ya mtundu wakale, ija yokhala ndi mbale zozungulira, kungatenge maola. Diski ya mtundu watsopano, yochedwa SSD, iribe ziwalo zoyenda, koma nayonso imatha ndi kulembedwa, ndipo imasunga kaundula wa moyo umene yatsala nao.

Popima batire, makina amayerekeza mphamvu imene batire inali kusunga ikali yatsopano ndi imene isunga lero. Popima fani, amaizunguliritsa mwamphamvu ndi kuwerenga liwiro lake, conco musadabwe mukamva mkokomo. Mungamvenso kulira kwakukulu pamene zokuzira mau ziyesedwa. Pa sikirini ndi mabatani, makina amadalira inu: muyang'ane ngati pali mizere kapena madontho osasintha mtundu, ndipo mudine batani lirilonse pamene mwapemphedwa.

Makina ambiri a Dell alinso ndi mayeso apadera a sikirini. Mukakanikiza batani la D ndi kuyatsa, sikirini imaonetsa mitundu yathunthu motsatizana, yofiira, yobiriwira, yoyera ndi ina. Ikaonetsa bwino, ndiye kuti sikiriniyo payokha ndi yamoyo, ndipo bvuto liyenera kufunidwa kwina. Kudziwa zimenezi kungakupulumutseni ku kugula sikirini yatsopano popanda cifukwa.

Kuwerenga yankho

Ciwalo cikalephera, makina amaima ndi kuonetsa nambala. Nambala imeneyi ndiyo kalata ya dotolo. Ilembeni yonse, osasiya cilembo ngakhale cimodzi, kapena ijambuleni. Dell imapereka nambala yoyamba ndi 2000. Mwacitsanzo, 2000-0142 itanthauza kuti diski yalephera kudziyesa. HP imapereka nambala yaitali ya zilembo 24. Apple imapereka zilembo zitatu ndi manambala atatu: ADP000 itanthauza kuti palibe bvuto lapezeka, zoyamba ndi PPT zinena za batire, ndipo zoyamba ndi PPF zinena za fani. Lembaninso nambala ya makina enieniwo, imene imapezeka pa kapepala ka pansi pake. Ngati nthawi ya citsimikizo ca opanga kapena ca sitolo ikalipo, manambala amenewa ndiwo adzakufunsani poyamba.

Zocita zidalira ciwalo cimene calephera. Ngati ndi diski, lekani kugwiritsa nchito makinawo pa zinthu zina zonse, ndipo pulumutsani mafaelo lero lomwe, kuyambira ndi ofunika koposa. Diski yatsopano igulidwa ku sitolo, koma nchito ya miyezi isanu ndi umodzi kapena zithunzi za makolo amene anatisiya sizigulidwa kulikonse. Musalole kuti wina aikemo Windows yatsopano pa diski yotere, pakuti kutero kungafafanize mafaelo anu popanda kucotsa matendawo.

Ngati ndi RAM, nthawi zina kacidutswa kake kamangokhala kasuntha m'malo mwake, ndipo wokonza angakazule ndi kukabwezera. Kakakhala koonongeka, kamasinthidwa mosabvuta. Koma m'malaputopu ambiri opyapyala a masiku ano RAM inamatidwa pa bolodi, ndipo pamenepo nchito imakhala yaikulu.

Ngati ndi fani, kawirikawiri mdani ndi fumbi. Dziko lathu liri ndi miyezi yambiri yopanda mvula, ndipo fumbi limaunjikana m'njira ya mphepo kufikira litakhala ngati kabulangeti. Pofika mwezi wa Okutobala, kunja kukatentha, makina amayamba kudzizimitsa kuti adziteteze. Kuyeretsa ndi nchito yocepa, koma kucedwa nako kumafupikitsa moyo wa ziwalo zina.

Ngati ndi batire yatha mphamvu, makina angapitirize kugwira nchito pa chaja kufikira mutapeza ina. Koma mukaona kuti pansi pa laputopu patupa, kapena malo oyendetsapo cala atukuka, ndiye kuti batire yafufuma. Imeneyi ndi ngozi, pakuti ingathe kuyaka moto. Lekani kuichaja, musaiboole, musaiponye pa moto, ndipo ipititseni kwa wokonza.

Ngati zonse zapambana

Tsopano ticenjezane. Makina akanena kuti zonse ziri bwino, sizitanthauza kuti bvuto lanu ndi maloto. Matenda ena amabwera ndi kupita. Ena amaoneka pokhapo makina atatentha, ena pamene waya wa m'kati wagwedezeka potsegula civundikiro. Mayeso ofulumira a mphindi zocepa angawaphonye. Conco mayeso ofulumira akapambana koma bvuto likalipo, sankhani mayeso aatali, amene angatenge maola awiri kapena kuposa. Ayambitseni madzulo ndi kuwasiya. Akulu anati kuona maso a nkhono ndi kudekha.

Mayeso aatali nawonso akapambana, ndiye kuti mwacidziwikire bvuto liri m'mapulogalamu. Dzifunseni kuti linayamba liti, ndipo ndi pulogalamu iti imene munaika masiku amenewo. Yang'anani ngati diski yadzaza, ndipo funafunani vairasi. Nayonso imeneyi ndi nkhani yabwino, cifukwa mwadziwa kuti simufunika kugula ciwalo ciriconse.

Nanga amene makina ao alibe mayeso otere? Windows nayo iri ndi zothandizira. Mukalemba mau akuti Windows Memory Diagnostic pa malo ofufuzira, makina adzadziyatsanso ndi kupima RAM. Ndipo mukatsegula Command Prompt ndi kulemba kuti powercfg /batteryreport, mudzalandira lipoti la batire. Yang'anani mizere iwiri: Design Capacity, ndiyo mphamvu ya batire ikali yatsopano, ndi Full Charge Capacity, ndiyo mphamvu yake lero. Tinene kuti woyamba uonetsa 50,000 ndipo waciwiri 20,000. Pamenepo batire yatsala ndi magawo awiri okha mwa asanu.

Pogula laputopu yogwiritsidwapo kale

Ambiri a ife sitigula makina atsopano. Timagula amene anagwirapo nchito m'maofesi a maiko ena, ndipo amagulitsidwa m'masitolo a mu Lusaka, Kitwe, Ndola, Chipata ndi m'matauni ena. Palibe colakwika ndi zimenezi, ndipo makina ambiri otere ndi olimba. Koma amafika atapukutidwa bwino, onyezimira, ndipo diso siliona zaka zimene diski ndi batire zatumikira. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono musanatulutse ndalama, pemphani mwaulemu kuti mupime makinawo pomwepo, wogulitsa akuona. Zimitsani, lowani pa khomo la mtundu wake, ndipo yambitsani mayeso ofulumira. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu zikwanira pa makina ambiri. Pambuyo pake onani lipoti la batire, dinani mabatani onse, ndipo yesani malo onse olowetsamo fulashi. M'mayeso momwemo mudzaonanso kukula kwenikweni kwa RAM ndi diski. Yerekezani ndi zimene mwauzidwa. Wogulitsa wokhulupirika sadzakana, pakuti yankho labwino limthandiza iyenso kugulitsa. Batire ikapezeka yofooka, muli ndi cifukwa comveka cokambirana mtengo. Diski ikalephera, pemphani kuti isinthidwe, kapena sankhani makina ena.

Citaninso cimodzimodzi potenga laputopu kwa wokonza. Pimani musanaipereke, ndipo pimaninso poilandira. Kutero sikunyoza mmisiri. Mmisiri wabwino amakondwa ndi munthu amene wabwera ndi nambala yolembedwa, cifukwa imamfupikitsira nchito, ndipo onse awiri amakambirana cinthu cimodzi codziwika.

Zofunika kukumbukira

Pomaliza, tibwereze mfundo zathu. Matenda a thupi la kompyuta ndi matenda a mapulogalamu amafanana maonekedwe, ndipo kupima kumene kucitika Windows isanadzuke ndiko kumawalekanitsa. Koperani mafaelo anu poyamba, ndipo lumikizani chaja. Khomo ndi F12 pa Dell, Esc ndi F2 pa HP, F10 pa makina ambiri a Lenovo, ndi D pa MacBook. Lembani nambala iriyonse imene yaoneka. Mayeso ofulumira akapambana koma bvuto likalipo, citani aatali.

Tikupemphani cinthu cimodzi. Musayembekeze tsiku la tsoka kuti muphunzire njira imeneyi, pakuti munthu wa mantha amaiwala ngakhale batani limene alidziwa. Madzulo ano, laputopu yanu ikali yamoyo, izimitseni ndi kuyesa kamodzi. Lembani batani la khomo lake pa kapepala, ndi kukasunga m'cikwama ca makinawo. Mukatero, muonetsenso mwana wanu kapena mnzanu wa ku nchito mmene mwacitira.